A Tayesani ndi Waya Wofiira

Aliyense amene anapititsako galimoto kwa a Tayesani akudziwa kuti bambo aja ankagwiritsa ntchito waya wofiira yekhayekha. Wopita ku nyali, wofiira. Wopita ku hutala, wofiira. Wa sitata, wofiira. Ngakhale wa ethi, amene amakaniko ena onse amaika wakuda, kwa iwo ankakhala wofiira psuu. Ukatsegula boneti ya galimoto yomwe yakhala ikudutsa m'manja mwawo kwa zaka zingapo, unkaona ngati wina wapheramo mbuzi. Ndipo ngati kufiirako sikunakwane, waya aliyense ankakhala ndi mfundo chakumapeto, wina imodzi, wina ziwiri, wina zinayi, ngati ntchito ya mwana amene wapeza ulusi wa amake.

Dzina lenileni anali nalo, koma linangotsala pa chiphaso. La Tayesanili linachokera pansi pa galimoto. Munthu unkangoona mapazi awiri atasuzumira kunja, n'kumva mawu kuchokera mkatimo: "Tayesani." Unkatembenuza kiyi. Zii. Pakapita kanthawi, "Tayesaninso." Zaka makumi atatu za mawu amodzimodziwo zinakwana kufufuta dzina limene makolo anawapatsa.

Apa pafunika kusamala, chifukwa munthu akamwalira nkhani zake zimanenepa. Alipo kale amene akunena kuti a Tayesani analizapo thirakitala yopanda batire. Limenelo ndi bodza, batire linalimo. Zomwe zili panozi zachokera kwa alamu awo, a Mazira, mchimwene wa akazi a malemuwo, amene amanyamula mazira pa pikapu yawo yoyera kuchoka ku makola a nkhuku kukasiya m'magolosale. A Mazira ndi munthu amene mpando unkamuwotcha. Tiyi ankamwa ataimirira, makiyi akuzungulira pa chala, diso lili pa wotchi. Mulungu anangofuna kuseka powapatsa mlamu amene ankatha mphindi khumi akusankha sipanala.

Pikapuyo inali yokalamba, ndipo pafupifupi mwezi uliwonse inkapeza chifukwa chokanira kulira. A Mazira ankafika wapansi pa shedi ya malata ya alamu awo, ali wefuwefu.

"Alamu, yakana."

"Mwagwira chiyani?"

"Palibe. Ndangodzuka, ndatembenuza kiyi, basi."

"Galimoto siputa munthu, alamu. Mwagwira chiyani?"

"Ndinene kangati? Palibe."

A Tayesani ankapitiriza kupala mutu wa batire la munthu wina ndi kampeni, osadzutsa nkhope. A Mazira ankazungulira shediyo kawiri, kuyang'ana wotchi, kuzunguliranso.

"Kupatula kawailesi kaja."

"Kawailesi kati?"

"Kamene ndalumikiza dzulo. Waya mmodzi yekha."

"Ehe. Tiyeni."

Akafika pa galimotopo, sankathamangira kutsegula boneti. Ankayamba ndi hutala. "Lizani." Ikalira mwamphamvu, ankagwedeza mutu. "Yatsani nyali." Ankaima kutsogolo, manja ali kumbuyo ngati mphunzitsi wamkulu pa mzere wa ana. "Tsopano tembenuzani kiyi nyali zili chiyakire." Nyali zikafooka, nthawi zambiri mlandu unkakhala wa batire, kapena mitu yake yachita dzimbiri. Zikangokhala ngwee osaphethira, ndiye kuti moto ulipo koma sukufika ku sitata, wasochera panjira. Pamenepo m'pamene ankatulutsa m'thumba la malaya chida chawo chachikulu: kababu ka nyali ya kumbuyo kokhala ndi timawaya tiwiri. Kakayaka, moto wafika. Kakapanda kuyaka, bwerera m'mbuyo. Ankautsata motowo waya ndi waya ngati mlenje, ndipo waya aliyense amene amukayikira ankamuzula, n'kuikapo wofiira, n'kumanga mfundo zake. Nthawi yonseyi a Mazira ankakhala atapondaponda udzu wonse wozungulira galimotoyo.

"Alamu, mazira akupsa ndi dzuwa."

"Mukagulitsa owiritsa. Tayesani."

Tsiku lina a Kalipentala, amene shedi yawo inagundana ndi ya a Tayesani, anabwera ndi mtolo wa mawaya atsopano, obiriwira, achikasu, abuluu, amene mwana wawo anawatumizira.

"Aneba, nawa mawaya a anthu. Galimoto yanga yokha muikeko awa, kuti tsiku lina ikadzandifera kutali makaniko wina adzathe kuona mutu wake."

A Tayesani anasolola waya mmodzi, kumupotokola pakati pa zala, kumununkhiza.

"Sanaleredwe bwino ameneyu."

"Waya amaleredwanso?"

"Mitundu ndi ya anthu oiwala, aneba. Ine sindiiwala."

Pofika Loweruka mawayawo anali kuseri kwa nyumba ya a Tayesani, akazi awo akuyanikapo zovala. Galimoto ya a Kalipentala inatuluka yofiira ngati zinzake.

Zachilendo zina zinalipo, koma palibe amene ankaziphatikiza. Munthu wodziwa galimoto chonchija sanayendetsepo galimoto. Ankati iye ndi njinga anagwirizana kalekale. Akatumidwa tomato kumsika ankabwera ndi wosapsa, mpaka akazi awo anasiya kuwatuma. Masokosi akasankha okha, phazi lina linkapita ku ukwati, lina ku maliro. Anthu ankangoseka n'kumati akatswiri amatero.

Koma chimene ankadana nacho kuposa waya wachikasu chinali kukankha galimoto. Ankati galimoto yokankha ndi wilibala. Chaka china pikapu ija inazima pamtunda wa pafupi ndi msika itanyamula mathireyi makumi asanu ndi limodzi. Ena amati zana, koma a Mazira akuti makumi asanu ndi limodzi, ndipo mazirawo anali awo. Anayang'ana wotchi, anayang'ana mtsetse, n'kuitana onyamula katundu a pamsikapo. Anaika giya yachiwiri, amuna aja anakankha, iwo n'kusiya kilatchi mwadzidzidzi. Kulira inalira ndithu, koma inayamba yadumpha ngati bulu wolumidwa ndi mavu. Inafika kwa a Tayesani ikudontha chikasu, agalu atatu akuilondola.

A Tayesani anakhala masiku atatu osawalankhula alamu awo. Za mazira sizinawakhudze. Chinawapweteka n'choti msika wonse unaona galimoto ya m'manja mwawo ikukankhidwa. Tsiku lachinayi, ali pansi pa pikapu yomweyo, mawu anatuluka.

"Alamu, tsiku langa likadzafika mudzanditenge pa pikapu ino."

"Musamayankhule zoopsa."

"Ndipo idzalire ndi kiyi. Osati kukankha, osati kugwirizitsa ndi sikuludiraiva pa sitata ngati akuba. Kiyi. Mukadzandikankha ndidzatsika, ndidzapita wapansi."

"Chabwino, ndamva."

"Kumva n'kwina. Lonjezani."

"Ndalonjeza. Tsopano fulumirani, nkhuku sizikudikira."

"Tayesani."

Mwana a Tayesani anali naye mmodzi, wamkazi, ndipo magazi sanama: anapita ku koleji kukaphunzira za magetsi a galimoto. Bambo ake anayamba kumutchula kuti a Injiniya, poyamba monyadira, kenako mwa mtundu wina. Atamaliza anabwera ndi mita yoyezera moto ndi buku lalikulu la zithunzi za mawaya. A Mazira analipo tsiku limenelo, akudikira fyuzi.

"Ababa, mfundo pa waya n'zoletsedwa. Waya amathyoka mkati."

"Wathyoka uti?"

"Ndiye mawaya makumi awiri ofiira okhaokha, munthu adziwa bwanji wa sitata?"

"Afunse ine."

"Nanga inu mukadzachoka?"

"Ndikupita kuti, a Injiniya?"

Mtsikanayo anatsegula buku lija n'kuloza ndi chala. "Taonani apa mmene zimaphwekera. Wobiriwirayu akupita kuti?"

A Tayesani anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kenako anatseka bukulo pang'onopang'ono n'kunena kuti m'shedi mwawo simowerengera nyuzipepala. Mwezi usanathe mwanayo anapeza ntchito pa galaja yaikulu mumzinda wina, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi bambo ndi mwana ankakambirana pa foni za mvula ndi za miyendo ya amake, osatchulako waya.

A Tayesani anadwala masabata awiri okha. Uthenga wa imfa yawo utamveka Lachiwiri, madalaivala a m'dera lathu analira kawiri: kulira munthu, ndi kulira mawaya. Aliyense anakumbukira kuti pansi pa boneti yake pali mutu wa munthu mmodzi, ndipo mutuwo wapita. Alipo amene tsiku lonselo sanazimitse injini, kuopa.

Lachinayi linali tsiku lowaperekeza. A Mazira anatsuka pikapu ngati sanaitsukepo chigulire. Anakwecha kumbuyo ndi sopo mpaka fungo la nkhuku la zaka khumi ndi zisanu linagonja. Anafika nayo pakhomo la malemu nthawi ikadalipo, ndipo poti kudikira sakutha, mapemphero ali mkati iwo anali panja ndi kansalu, akupukuta galasi lomwe apukuta kale, kukung'untha mipando, kukonza apa ndi apo.

Bokosi, limene a Kalipentala anakhoma ndi manja awo, linakwezedwa kumbuyo. Azimayi anayamba nyimbo. Abusa analowa kutsogolo, anatseka chitseko, n'kuwanong'oneza a Mazira kuti ali ndi maliro ena 2 koloko, kutsidya kwa tauni. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda. A Mazira anatembenuza kiyi.

Tinyali ta pa dashibodi tinayaka. Kupatula apo, zii.

Anatembenuzanso. Anatulutsa kiyi, kumupukuta pa jekete, kumubwezeramo. Zii. Nyimbo inafika kumapeto, azimayi anayang'anana, n'kuiyambiranso.

Madalaivala onse analipo. Anatsegula boneti, anaunjikana, anayang'ana kufiirako, n'kubweza manja m'matumba mmodzimmodzi. Amene ankadziwa anali kumbuyo, m'bokosi.

A Kalipentala anasendera pa windo. "Pali kamtsetse apa, ndipo anthu tilipo ambiri. Tingoigwira pang'ono."

"Ayi."

"Sadziwa."

"Mwakhala nawo khoma limodzi zaka makumi awiri, mukuti sadziwa? Atsika."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Koma a Mazira sankaseka. Thukuta linali litanyowetsa kolala. Wina anati ali ndi lole pafupi, bokosi lingosamutsidwa. A Mazira anapukusa mutu. M'moyo wawo anaphwanyapo mazira, nthawi ndi malamulo apamsewu osawerengeka, koma munthu ameneyu anawapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo msewu wonse unali kuyang'ana.

Ndi pamene a Injiniya anatuluka pakati pa azimayi, maso ali ofiira, mita ili m'manja. Mitayo sinkachoka m'chikwama chawo, ngakhale pa maliro.

"Malume, lizani hutala."

Hutala inalira pakati pa nyimbo. Abusa anadzidzimuka mpaka buku linagwa.

"Yatsani nyali. Tsopano tembenuzani kiyi zili chiyakire."

Nyali zinangokhala ngwee. A Mazira, poyang'ana pagalasi lakutsogolo, anaona kuti mwanayo waima manja ali kumbuyo.

"Moto ulipo, koma sukufika ku sitata," anatero atabwera pa windo. "Malume, mwagwira chiyani?"

"Palibe."

"Malume."

A Mazira anayang'ana wotchi. Anayang'ana abusa. Pozungulira panalibe.

"Kupatula mawaya aja amalendewera pansi pa chiwongolero. Amaoneka moipa. Ndangowakankhira m'mwamba n'kuwamanga ndi kachingwe. Pa ulemu wa malemu."

Mtsikanayo anatsegula chitseko, anagwada pa fumbi ndi zovala zake zakuda, n'kumasula kachingweko. Unagwa mtolo wa mawaya oposa makumi awiri, onse ofiira, angapo atazuka polumikizira pawo, akulendewera ngati ana osochera pamsika.

"Ndikalumikiza wolakwika, utsi," anatero. "Ndi mita ndiwapeza, koma mmodzimmodzi. Ola lathunthu, mwina awiri. Apo ayi ndiilize ndi sikuludiraiva pa sitata, mphindi imodzi yokha."

"Anati kiyi."

"Anati kiyi," anabwereza mwanayo akukukuta mano. "Munthu kukana mitundu moyo wake wonse chifukwa cha liuma chabe. Lero taonani."

Palibe anaona nthawi imene amake anadzuka pa mkeka. Anangopezeka ali pa chitseko cha pikapu, atagwira kababu kaja m'dzanja. Anayankhula motsitsa, moti anamva ndi mwanayo, a Mazira ndi abusa basi.

"Silinali liuma, mwanawe. Bambo ako sankaona mitundu. Chofiira, chobiriwira, chakhofi, kwa iwo chinali chimodzi. Ngakhale zoti waya wawoyo ndi wofiira anachita kumva kwa anthu."

"Chiyambire liti, amayi?"

"Chibadwire. Anandiuza tisanakwatirane n'kundilumbiritsa. Ankati anthu akadziwa, ndani adzapereka galimoto yake kwa wamagetsi wosaona mitundu? Tsiku lija unawaonetsa buku, sanadye."

M'mutu mwa a Mazira tomato wosapsa, masokosi ndi njinga zinaima pa mzere umodzi.

"Achemwali, zaka zonsezi osandiuza?"

"Inu? Mukanafika nazo pamsika mazira asanafike."

"Nanga ankawazindikira bwanji mawayawa?" anafunsa mwanayo.

"Ine za galimoto sindidziwa. Ndimangodziwa kuti akamagwira ntchito ankatsinzina."

A Injiniya anadzuka pa fumbi paja. Kenako anaika mita pamiyendo ya abusa, analandira kababu kwa amake, n'kupita ku boneti. Analowetsa dzanja pansi, kumene diso silifika, mpaka anakhudza kawaya kakang'ono kolowa pa sitata. Anakatsata ndi zala. Mfundo ziwiri.

Anabwerera, anagona chagada pansi pa chiwongolero, mutu uli pa mapazi a amalume ake, n'kutsinzina. A Mazira ankaona milomo yake ikuwerenga. Anagwira wa mfundo imodzi, kumukhudzitsa kababu, kababu n'kuyaka: ameneyo ndiye moto wochokera ku batire. Wa zinayi anamusiya. Wa zitatu anamupezera mnzake wa zitatu. Dontho loyamba la mvula linagwa pa boneti. Abusa anatsegula pakamwa, anayang'ana mita ili pamiyendo pawo, n'kutsekanso. Zala zinapitiriza kuyenda mu mtolomo mpaka zinaima pa waya wa mfundo ziwiri wochokera ku kiyi, kenako pa mnzake wa mfundo ziwiri wopita ku injini. Analumikiza, anapotokola, wina anapereka tepi.

Anthu a panja ankangoona mapazi awiri atasuzumira pa chitseko, mu nsapato zakuda za maliro. Kenako mawu anachokera mkatimo.

"Tayesani."

Mwiniwake akuti sanakonzekere, anangotuluka okha. Nyimbo inadukira pakati. A Mazira anagwira kiyi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanafulumire. Anatembenuza pang'onopang'ono.

Pikapu inatsokomola kamodzi, n'kulira.

Palibe anawomba m'manja, poti anali maliro. A Kalipentala anafuna kuvula chipewa, n'kupeza kuti anavula kale. A Mazira anayendetsa pa giya yoyamba njira yonse, ngati anyamula mathireyi zana, ndipo mvula inawapeza pa chipata cha manda. Abusa anachedwa ku maliro achiwiri aja, koma sanadandaule, kapena ngati anadandaula sizinamveke kuno.

Zakusaona mitunduzi zalembedwa ndi chilolezo cha amayiwo. Iwo akuti lumbiro linali loteteza ntchito, ndipo ntchitoyo yatha. A Injiniya anakhala sabata imodzi, akuyenda galimoto ndi galimoto, kulemba pa pepala tanthauzo la mfundo iliyonse, ndipo akuti sanapeze ngakhale imodzi yosokonekera. Pepalalo linakopedwa, lili m'galimoto iliyonse ya kuno. Pobwerera ku ntchito anatenga kababu kaja. Masiku ano ukaona galimoto itaima pambali pa msewu, dalaivala atatsinzina, dzanja lili pansi pa chiwongolero, milomo ikuyenda, usaganize kuti akupemphera.

Shedi ya malata ndi yotseka. Ukasuzumira pa mng'alu wa chitseko umaona mpukutu wa waya wofiira uli pa msomali, utatha theka. A Kalipentala akuti m'mawa mumakhala zii wosazolowereka, popanda hutala yolira popanda chifukwa, ndipo nthawi zina amamenya hamala pa thabwa lopanda msomali kuti pakhale phokoso.

Pikapu ya a Mazira sinakanenso kulira chichokere tsiku lija. Anayenera kukondwa. Koma munthu uja mpando unkamuwotcha masiku ano amalowa m'galimoto, amaika kiyi, n'kukhala kaye mphindi imodzi kapena ziwiri chitseko chili chotsegula, mazira akudikira kumbuyo, khutu lili pansi. Mawu aja sabwera. Amatembenuza okha.